Wophikira mudzi wonse, wogona ndi njala

Pa ukwati, pa chinkhoswe ngakhalenso pa maliro pamakhala amayi ena amene alendo sawaona kawirikawiri. Malo awo ndi kuseri kwa nyumba, pamafuwa, pamene amavundula nsima m'miphika ikuluikulu kuyambira m'bandakucha, maso ali psuu ndi utsi. Mbale zimachoka pamenepo zodzaza n'kubwerako zopanda kanthu, ndipo aliyense wobwera pamwambopo amakhuta chifukwa cha mikono yawo. Nanga eniakewo amadya nthawi yanji? Amadya choimirira, pa kamphindi kaja mphika wina waphulidwa, unzake usanaterekedwe. Khamu likachuluka kuposa mmene ankayembekezera, kamphindi kameneko kamasowa, ndipo munthu amene waphikira mudzi wonse amakagona ndi njala.

M'chifuwa mwa munthu aliyense muli wantchito wa mtundu umenewu. Mtima umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku, kutumiza magazi kumutu, kumiyendo ndi kuziwalo zonse, koma mwiniwakewo amalandira chakudya pa kampata kakang'ono ka pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake. Tsono pali matenda ena amene amakulitsa mnofu wa mtima ndi kuuchepetsera chakudya nthawi yomweyo. Anthu ambiri mu Africa adayamba kumva za matendawa m'chaka cha 2003, tsiku limene mnyamata wina wadzitho wa ku Cameroon adagwa pakati pa bwalo la mpira, dziko likuonera pa kanema.

Dzina lake lidali Marc-Vivien Foé, ndipo adabadwa pa 1 May 1975. Adayamba kutchuka ku timu ya Canon Yaoundé, ndipo ali ndi zaka 19 adasewerera dziko lake mu World Cup ya 1994 ku America. Kuchoka apo adapita ku Lens, ku France, kumene adatenga nawo chikho cha ligi mu 1998. Chaka chomwecho adathyoka mwendo, koma adachira n'kupita ku West Ham United, kenaka ku Lyon, kumene adatenganso ligi mu 2002, ndipo pomaliza adabwerekedwa ku Manchester City. Ndi timu ya dziko lake adanyamula chikho cha Africa kawiri, mu 2000 ndi mu 2002. Adali wosewera wapakati, wamtali, wachifuwa chotambalala, wothamanga bwalo lonse osaoneka kutopa. Chigoli chotsiriza chimene Manchester City idamwetsa pa bwalo lake lakale la Maine Road chidali chake.

Pa 26 June 2003 Cameroon idakumana ndi Colombia pa bwalo la Gerland mumzinda wa Lyon, m'ndime ya matimu anayi ya mpikisano wa Confederations Cup. Kwa Foé kumeneku kudali ngati pakhomo, pakuti adali atasewera pa bwalolo zaka ziwiri. Mwezi umenewo ku France kudatentha kwambiri, ndipo mkazi wake adadzafotokoza pambuyo pake kuti masiku amenewo mwamuna wakeyo ankavutika ndi m'mimba. Mphunzitsi wa timuyo, Winfried Schäfer, adati adafuna kumutulutsa ataona kuti wafooka, koma Foé adapereka chizindikiro chakuti apitiriza. Pa mphindi ya 72, popanda womugunda kapena womukankha, adagwa pakatikati pa bwalo. Adamunyamula pa machira, ndipo achipatala adalimbana ndi mtima wake kwa mphindi 45, koma sudadzukenso. Adali ndi zaka 28, ndipo adasiya mkazi ndi ana atatu. Cameroon idapambana 1-0, koma chisangalalocho chidasanduka maliro madzulo omwewo.

Patatha masiku atatu anzake adasewerabe ndime yotsiriza ndi France n'kugonja 1-0. Polandira chikho, otsogolera matimu onse awiri, Marcel Desailly ndi Rigobert Song, adachinyamulira limodzi. Paja maliro n'kulirana. Manchester City idaleka kuveka wina aliyense nambala 23 imene iye ankavala, ndipo ku Yaoundé adaikidwa m'manda mwaulemu wa boma.

Imfa yotere siisiya anthu ali chete. Munthu akadwala miyezi, mitima ya abale imakonzeka pang'onopang'ono. Akangogwa ali wathanzi, anthu amafunafuna chinthu kapena munthu womuloza chala. Ena adaganizira za mankhwala oletsedwa opatsa mphamvu, koma opima sadapeze mankhwala otere m'thupi mwake. Kupima koyamba kwa mtembo sikudapereke yankho. Kwachiwiri kudapeza matenda amene madokotala amawatchula kuti hypertrophic cardiomyopathy, kutanthauza kukhuthala kopitirira muyeso kwa mnofu wa mtima. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu kawirikawiri amanenera munthu wachiphamaso, koma pano palibe amene adanamiza mnzake, pakuti ngakhale mwini thupiyo sankadziwa chimene adanyamula m'chifuwa.

Kuti munthu amvetse chimene chimachitika mumtima wotere, ayenera kuyamba wadziwa mmene mtima wabwinobwino umadyera. Mtima wa munthu wamkulu umakula ngati chibakera chake, umalemera magalamu pafupifupi 300, ndipo uli ndi zipinda zinayi. Ngakhale zipindazo zimadzaza magazi nthawi zonse, makoma ake okhuthalawo sadya magazi amenewo. Ndi nsima ya alendo. Chakudya cha mtima chimadzera m'mitsempha iwiri yotchedwa coronary, imene imaphuka patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima. Iwiriyo imayanga pamwamba pa mtima n'kugawika nthambi, nthambizo zimalowa m'kati mwa mnofu n'kugawikanso, mpaka zisanduke timitsempha tosaoneka ndi maso. Munthu akakhala phee, mtima umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi, ndipo pa amenewo umadzitengera kotala ya lita basi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 20.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa mtima ndi ziwalo zina. Choyamba n'chakuti ulibe nkhokwe. Magazi akamadutsa, thupi lonse limatapamo pafupifupi kotala ya mpweya wa okosijeni umene anyamula, wotsalawo n'kukhala wodikira tsiku la ntchito yaikulu. Mtima wokha umatapa pafupifupi magawo atatu mwa anayi ngakhale mwiniwake ali mtulo. Choncho munthu akayamba kukwera phiri, kulima mizere kapena kuthamangitsa mpira, mtima sungatapenso wochuluka m'magazi omwe aja. Njira ndi imodzi yokha: timitsempha take titseguke kuti magaziwo achuluke. Mumtima wathanzi magazi odyetsa mnofu amatha kuwonjezeka kanayi ngakhale kasanu.

Chachiwiri n'chakuti mtima umadya ukamasuka. Munthu akafinya chinkhupule m'dzanja, madzi amatuluka, ndipo salowanso mpaka dzanjalo litatambasuka. Chipinda cham'munsi chakumanzere, chimene chimakankha magazi kupita m'thupi lonse, chikamafinya chimapana timitsempha ta m'makoma ake omwe, kotero kuti magazi ambiri amalowamo pamene mnofu walekerera. Mtima ukamagunda ka 75 pa mphindi, kugunda kumodzi kumatenga 0.8 ya sekondi: pafupifupi 0.3 kufinya, 0.5 kumasuka. Ukafika pa 180, monga zimakhalira pa bwalo la mpira, kugunda konseko kumatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo nthawi imene imadulidwa kwambiri ndi ya kumasuka ija. Ntchito ikachuluka, nthawi ya kudya imachepa, ndendende ngati amayi a pamafuwa aja. Mtima wathanzi umapirira zimenezi chifukwa timitsempha take timatseguka mokwanira moti kamphindi kochepako kamakwana.

Mumtima wa matenda amene adatenga Foé, dongosolo limeneli limasokonekera mbali zingapo. Khoma la chipinda chakumanzere cha munthu wamkulu kawirikawiri silipitirira mamilimita 11 kapena 12. Madokotala amaganizira za matendawa likafika pa 15 popanda chifukwa china chooneka, monga kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndipo mwa ena limafika pa 30 ngakhale kupitirira. Nthawi zambiri lokhuthala kwambiri limakhala khoma lapakati, lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi. Akauika pa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, ulusi wa mnofu umene umayenera kundandalikana ngati bango la mphasa umaoneka wopiringizana, wina kuloza uku wina uko. Kukhuthalaku kumakonda kuonekera mwana akamatha msinkhu, ngakhale kuti mwa ena kumadza atakula kale.

Mlimi amene wakulitsa dimba lake kawiri, ngalande n'kukhala zomwe zija, amadziwa chimene chimatsatira: mbewu za pafupi ndi mtsinje zimabiriwira, za kumapeto zimafota. Vuto loyamba ndi lomweli. Mnofu umachuluka, koma timitsempha toudyetsa sitichuluka molingana nawo.

Vuto lachiwiri lili m'timitsempha tomwe tilipoto. Makoma ake nawonso amakhuthala, njira ya m'kati imaning'a, ndipo sititha kutseguka mokwanira ntchito ikakula. Mu 1986 dokotala wa ku America, Barry Maron, ndi anzake adapeza timitsempha totere m'mitima pafupifupi 8 mwa 10 iliyonse ya anthu amene adamwalira ali ndi matendawa. Chodabwitsa n'chakuti mitsempha ikuluikulu ya pamwamba ija kawirikawiri imakhala yoyera, yopanda mafuta amene amatseka mitsempha ya achikulire. Motero munthu akhoza kumamva kupweteka pachifuwa akamagwira ntchito, chithunzi cha mitsempha ikuluikuluyo n'kuoneka chopanda banga. Msewu waukulu uli bwino; totsekeka ndi tinjira ta kumidzi.

Vuto lachitatu ndi kuuma. Mnofu wokhuthala umachedwa kumasuka, ndipo kampata ka chakudya kaja kamadulidwanso. Popeza chipindacho sichitanuka, magazi olowamo amakankha makoma mwamphamvu n'kupsinja timitsempha ta mbali ya m'kati, ndiye mbali imeneyo ndiyo imayamba kumva njala. Vuto lachinayi limakhudza odwala pafupifupi awiri mwa atatu, ena atakhala pansi, ena pokhapokha akamagwira ntchito: khoma lapakati lija limatupira m'njira imene magazi amatulukira, chitseko china cha mtima chotchedwa mitral chimakokedwera komweko, ndipo khomo limachepa. Mtima umakakamizika kufinya mwamphamvu kuposa kale kuti magazi adutse, ndipo kufinya kotere kumalira okosijeni wochuluka. Wantchito wawonjezeredwa ntchito, chakudya n'kumuchepetsera.

Njala imeneyi ikamabwerezabwereza, tizigawo ta mnofu timafa n'kusiya zipsera. Chipsera sichifinya, ndiponso sichidutsitsa bwino mphamvu ya magetsi imene imalamula kuti mtima ugunde mwadongosolo. Pamene pali zipsera, ulusi wopiringizana ndi mnofu wosowa mpweya, magetsiwo akhoza kusochera n'kuyamba kungozungulira. Zikatero zipinda zam'munsi zimaleka kupopa n'kumangonjenjemera. Pakapita masekondi ochepa munthu amakomoka, ndipo pakapita mphindi zochepa ubongo umayamba kuwonongeka. M'chaka chomwecho cha 2003 madokotala a ku Florence, ku Italy, motsogozedwa ndi Franco Cecchi, adafalitsa zimene adapeza atayeza kayendedwe ka magazi m'mnofu wa mtima mwa odwala 51 ndi kuwatsatira zaka pafupifupi 8. Odwala amene timitsempha tawo tinkakanika kwambiri kutseguka ndiwo amene matenda adawakulira, ndipo imfa zambiri zidagwa pakati pawo.

Munthu akabwerera ndi nzeru zimenezi ku bwalo la Gerland, amaona madzulo aja ndi maso ena. Kutentha kumathamangitsa mtima. Thukuta ndi kutsegula m'mimba zimachepetsa madzi m'thupi, ndipo chipinda chokhuthala chikalandira magazi ochepa, khomo lake lotulukira limaning'iratu. Kuthamanga kwa ola lathunthu kumadula nthawi ya kumasuka. Zinthu zimene madokotala amaopera mtima wotere zidakumana pa munthu mmodzi, amene kulimba mtima kwake kudali kodziwika ndipo sadafune kusiya anzake pankhondo.

Matendawa adalembedwa momveka bwino mu 1958 ndi Donald Teare, dokotala wopima mitembo ku London, amene adafotokoza mitima 8 yokhuthala mbali imodzi, pafupifupi yonse ya anthu amene adafa mwadzidzidzi asanakalambe. Posakhalitsa zidaoneka kuti vutoli limayenda m'mabanja. Mu 1990 asayansi a ku Harvard, Christine ndi Jonathan Seidman pamodzi ndi anzawo, adapeza chilema choyamba cha m'chibadwa chimene chimayambitsa matendawa, atafufuza banja lina lalikulu la ku Canada. Kafukufuku amasonyeza kuti munthu mmodzi mwa 500 aliwonse ali ndi mtima wotere, ndipo matendawa sasankha mtundu kapena khungu. Kholo limodzi likakhala ndi chilema cha m'chibadwacho, mwana aliyense, wamwamuna kaya wamkazi, ali ndi theka la mpata wochitengera.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Cameroon ikukhudza miyambo ya kuno. Pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwana ndi wa kuchikazi. Amadziwa amalume ake, amadziwa mbumba yonse, ndipo angathe kutchula agogo a amayi ake mpaka mibadwo itatu. Pa ukwati wa chikamwini, bambo akamwalira kapena banja likatha, ana amatsala kwa amayi, ndipo mbiri ya kuchimuna imazilala mpaka ana a anawo sadziwanso kumene kuli manda a agogo awo aamuna. Kumene amalowola zimakhala mosemphana: mbali ya amayi ndiyo imaiwalika. Mwambo uli ndi zifukwa zake pa nkhani ya munda, ufumu ndi maliro, koma magazi satsata mwambo. Chilema cha mtima chimatha kudzera kwa bambo mofanana ndi kwa mayi. Chibale n'fupa, sichiola, ndipo dokotala akamafunsa za m'banja amafunsa za mbali zonse ziwiri.

Palinso mwambo wa kumanda, pamene woimira banja amafotokoza mbiri ya womwalirayo ndi mmene adadwalira. Munthu akafa mwadzidzidzi mawu ake amakhala ochepa: “Sadadwale, adangogwa.” Otsalawo amalankhulidwa monong'ona pobwerera: wina amati adalodzedwa, wina amati adamenyedwa ndi hamala, ndipo kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba ina yosauka ya m'mudzimo. Zikachitikanso m'banja lomwelo patapita zaka, anthu amati umboni wakwana, ndipo abale amadana mpaka kusamukirana. Komatu imfa ziwiri zadzidzidzi za achinyamata a magazi amodzi ndi umboni wa chinthu china, chimene chimaoneka pa makina a kuchipatala. Banja limene latha mphamvu zake kufunafuna mfiti limasiya ana ake osapimidwa.

N'chifukwa chake mdzukulu wanzeru amakhala pansi ndi agogo ake akadali ndi moyo. Kucheza kwake kukhoza kuyenda motere:

“Agogo, amalume aja adamwalira ine ndili wakhanda adadwala chiyani?”

“Sadadwale, mdzukulu wanga. Ankakankha njinga pachitunda, ndiye adangogwa. Zaka 30 adali asanakwanitse.”

“Nanga kwa abambo anga zotere zidaonekapo?”

“Kumeneko ukafunse azakhali ako. Ndiwo akudziwa manda a kwawo.”

Mafunso otere sachotsa ulemu akafunsidwa modekha ndi pa nthawi yake. Ofunika kuwadziwa ndi abale amene adafa mwadzidzidzi asanakwane zaka 50, amene adafa kutulo ali athanzi, amene adamira m'madzi chonsecho ankadziwa kusambira, ndi amene ankakomokakomoka mpaka anthu kumati ndi khunyu. Safunsa adadya phula.

Thupi nalonso limachenjeza, ngakhale kuti ambiri a matendawa samva kanthu. Zizindikiro zake ndi kupweteka kapena kulemera pachifuwa pogwira ntchito, kubanika msanga kuposa anzako a msinkhu umodzi, mtima kuthamanga kapena kudumphadumpha popanda chifukwa, chizungulire, ndi kukomoka. Ena zimawavuta kwambiri akangodya mokhuta kapena akamwa mowa. Mwana wokomoka ataima nthawi yaitali padzuwa pa mzere wa kusukulu kawirikawiri alibe vuto lalikulu, koma wokomoka ali m'kati mothamanga sayenera kubwerera m'bwalo asanaonedwe ndi dokotala. Anyamata amabisa zotere poopa kusekedwa kapena kuchotsedwa m'timu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe mphunzitsi kapena kholo limene lingamve m'chifuwa mwa mwana ngati mwiniwakeyo sanena.

Kupima kwake sikupweteka. Makina a ECG amalemba magetsi a mtima pa pepala, ndipo a echo, ofanana ndi aja amaunikira amayi oyembekezera, amaonetsa makoma ndi kuyeza kukhuthala kwake. Dokotala amasiyanitsanso matendawa ndi mtima wokhuthala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, umene ndi wofala kwambiri pakati pa achikulire, komanso ndi mtima wa wamasewera umene umakula pang'ono mwathanzi. Mmodzi akapezeka nawo, makolo ake, abale ake a bere limodzi ndi ana ake ayenera kupimidwa, ndipo achinyamata amafunika kubwereza pakapita nthawi, pakuti mtima wooneka bwino pa zaka 10 ukhoza kusintha pa zaka 16. Dziko la Italy lidayamba kupima amasewera ake mwalamulo mu 1982, ndipo kafukufuku wa m'chigawo cha Veneto adasonyeza kuti pofika 2004 imfa zadzidzidzi za amasewera achinyamata zidatsika ndi magawo 89 pa 100. Bungwe la FIFA nalo lidayamba kupima mitima ya osewera World Cup ya 2006 isanayambe.

Chithandizo chimayambira pa mfundo yomwe ija, yakuti wophika apatsidwe nthawi ya kudya. Mankhwala a gulu la beta-blocker, monga atenolol ndi propranolol, komanso ena otchedwa verapamil, amachepetsa liwiro la mtima, motero nthawi ya kumasuka imatalika ndipo njala ya mnofu imachepa. Awa ndi olemberedwa ndi dokotala, osati obwerekana pakhomo, pakuti mankhwala ena a kupweteka kwa pachifuwa ndi ena okodzetsa, amene amathandiza odwala mtima ena, amatha kukulitsa vuto la mtima wokhuthala. Khomo likaning'a kwambiri, madokotala amasema khoma lapakati pa opaleshoni, kapena amalifooketsa pothira madontho a mowa wa kuchipatala m'kamtsempha kamene kamalidyetsa, njira imene Ulrich Sigwart adayamba ku London mu 1994. Amene ali pa chiopsezo chachikulu amawaika kachipangizo pansi pa khungu, kamene kamadzidzimutsa mtima ndi magetsi ukayamba kunjenjemera. Mu 2022 ku America adavomereza mankhwala atsopano, mavacamten, amene amachepetsa kufinya kopitirira muyeso.

Zina mwa zimenezi n'zodula ndipo zili kutali ndi mabanja ambiri, koma zina sizilira ndalama: kumwa madzi okwanira, kusakakamira ntchito yolemetsa kapena masewera munthu akutsegula m'mimba kapena ali ndi malungo, kupewa kuledzera, ndi kuima thupi likachenjeza. Kumene chithandizo chilipo, ambiri a matendawa amafika ku ukalamba, ndipo omwalira nawo pa chaka sakwana mmodzi pa 100. Madokotala a masiku ano samuuzanso wodwala kuti angokhala pansi. Kuyenda ndi masewera a pamuyeso amalimbikitsidwa, ndipo za mipikisano yolimba amakambirana munthu payekhapayekha.

Chotsala ndi chochita munthu akagwa. Chizolowezi cha ambiri ndi kumuthira madzi, kumukupiza ndi chitenje, kumuunjirira, kapena kuyamba kulira. Munthu amene wagwa mwadzidzidzi, sakuyankha ndipo sakupuma bwino kapena akungobefuka, mtima wake waima, ndipo mphindi iliyonse yotayika imachepetsa mwayi wake. Wina athamangire thandizo ndi galimoto, wina amugoneke chagada pamalo olimba, asanjikize manja pakati pa chifuwa n'kumapsinja mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka achipatala atafika. Manja amenewo amakhala akugwira ntchito ya mtima. Pa 17 March 2012 Fabrice Muamba, wosewera wa Bolton Wanderers wobadwira ku Kinshasa, adagwa pa bwalo la Tottenham ku London. Adayamba kumupsinja pachifuwa pomwepo ndi kumudzidzimutsa ndi makina a magetsi, ndipo ngakhale mtima wake udakhala mphindi 78 osagunda pawokha, adachira n'kubwerera kwa banja lake.

Ana atatu a Foé adakula opanda bambo wawo, ndipo madzi akatayika saoleka. Chimene imfa yake idasiya ndi chidziwitso chakuti mikono yolimba ndi chifuwa chotambalala sizinena zonse za m'kati, ndiponso kuti mbiri ya banja ndi mankhwala amene agogo amasunga osadziwa. Pa mwambo woyendetsedwa bwino, alendo akakhuta ndipo mbale zabwerera, pamapezeka wamkulu mmodzi amene amazungulira kuseri kwa nyumba n'kufunsa kuti, “Kodi amayi ophikawa adya?” Funso lomweli liyenera kufunsidwa za mtima wa mwana aliyense wothamanga, makamaka m'banja limene wina adangogwa osadwala.